CHENJEZO KU CHIA: Chala chamanthu chowonjezera sachimanga ndi ulusi, ndipo chotsalacho chikayamba kukhota musadikire

Uthengawu ndi wa makolo, agogo, azamba akale, mafumu, mashehe ndi abusa a m'midzi yozungulira Chia, kuyambira pamlatho pomwe amayi amagulitsira nsomba mpaka kumtunda kwa mitsinje ya Lifuliza ndi Likoa. Mwana akabadwa ndi zala zamanthu ziwiri padzanja limodzi, musamange chinacho ndi ulusi, musachidule ndi lezala, musachipake mankhwala oti chifote. Ngati chowonjezeracho chidachotsedwa kale, kaya kunyumba kaya kuchipatala, lero lomwe itanani mwanayo, mutambasule dzanja lake poyera, muliyerekeze ndi linzake. Mukaona kuti chala chotsalacho n'chokhota, chikugwedera, chidauma osapindika, kapena mwana amachisiya pambali akamatola zinthu, mupite naye kuchipatala mwezi uno.

Chimene chimatisocheretsa ndi chizolowezi. Kachala kowonjezera tidakazolowera ndi kaja kolendewera pambali pa chala chaching'ono chakumapeto, kofewa, kopanda fupa, kogwira ndi kakhungu kowonda. Kameneko n'kofala pakati pa anthu akuda: mwa ana 100 mpaka 300 alionse, mmodzi amabadwa nako, ndipo kamayenda m'magazi, moti agogo amangoti "watengera kwa atsibweni ake". Mwana asanatuluke m'chikuta kamakhala katamangidwa kale, pakapita masiku kada, kenako kagwa. Ngakhale kameneko si koyenera kukamanga kunyumba, chifukwa kawirikawiri kamasiya kachotupa kopweteka pokhudza, ndipo nthawi zina kamayambitsa chilonda. Koma poti ana ambiri amapulumuka, anthu adafika pokhulupirira kuti chala chilichonse chowonjezera mankhwala ake ndi ulusi. Ndiye likabadwa khanda la zala zamanthu ziwiri, zimene sizichitikachitika, pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 3,000, dzanja limathamangira ku ulusi womwe uja, mwinanso wa ukonde poti ndiwo uli pafupi ndipo suduka. Apo ndiye pamayambira mavuto.

Zala zamanthu ziwirizo si chala chathunthu ndi chinzake chongomera pambali. Ndi chala chimodzi chimene chidagawikana mwana ali m'mimba, ndipo chilichonse chidatengako gawo. Zonse ziwiri zimakhala zocheperapo kuyerekeza ndi cha dzanja linalo. Zimagawana mitsempha ya magazi, mitsempha yomvera kukhudza, ndi minyewa imene imakoka chala kuti chipinde kapena chiwongoke. Nthawi zambiri zimagawananso mfundo imodzi, pomwe mafupa amalumikizana. Dokotala wina dzina lake Wassel adazigawa m'mitundu 7 m'chaka cha 1969, potengera pomwe mphandayo yayambira, ndipo madokotala a manja amagwiritsabe ntchito kagawidwe kameneko. Mtundu wofala kwambiri ndi wachinayi, pomwe zala ziwirizo zimamera pamfundo ya patsinde, chilichonse chili ndi mafupa ake awiri ndi chikhadabo chake.

Mvetsetsani apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Chala chimene chimaoneka chosafunika chimakhala chakunja, chocheperacho. Koma mnofu uja wotukuka patsinde pa chala chamanthu, umene umachitambasula kuti chiyang'anane ndi zala zinzake, nthawi zambiri umakagwira pa chakunjacho. Nawo mtsempha wolimba umene umamanga mfundo kumbali imeneyo kuti isagwedere umakagwira pomwepo. Wodula ndi lezala, ngakhale wodula ndi sizasi yowiritsa bwino koma osakonza zam'katizi, amataya zonsezo pamodzi ndi chalacho. Chotsalacho chimakhala ngati mtengo wa mphanda umene mwaudula nthambi imodzi: nthambi inayo siisuntha kudzakhala pakati, imapitiriza kupendekera komwe idaloza kale.

Kukhotako sikuonekera msanga, ndipo n'chifukwa chake makolo ambiri amaganiza kuti nkhani idatha. Dzanja la khanda ndi lonenepa, mafupa ake ambiri akadali chichereŵechereŵe, ndipo khanda siligwiritsa ntchito chala chamanthu mwamphamvu. Bala likapola aliyense amati Mulungu wathandiza. Koma mnyewa umene umapinda chalacho umakhala ukukokera chammbali, osati pakati pa fupa, ndipo umakoka tsiku ndi tsiku. Mutu wa fupa la patsinde, umene udakula motambalala kuti unyamule zala ziwiri, umasiya chala chotsalacho chitakhala pambali pake. Mwana akamakula, mfundo ya patsinde imakhotera uku, ya kunsonga imakhotera uko, chala n'kuoneka ngati chilembo cha Z. Kwa ana ena zimadziwika ali ndi zaka ziwiri kapena zitatu. Kwa ena amayamba kuona ndi aphunzitsi a Sitandade 1, mwana akamalephera kugwira pensulo n'kumaipanira pakati pa chala chamkombaphala ndi chapakati.

Si kukhota kokha kumene muyenera kuyang'ana. Gwirani chalacho, muchikankhire pang'onopang'ono kumbali: chikamapita mosavuta kuposa cha dzanja linalo, ndiye kuti mfundo ilibe chomangira. Muuzeni mwana apinde nsonga ya chalacho, muone ngati ikupindika. Yang'anani mpata wa pakati pa chala chamanthu ndi chamkombaphala. Ukakhala wopanikizika mwana sangagwire kapu kapena chitsononkho ndi dzanja limodzi. Onani ngati patsinde pali fupa lotukuka limene likukula, chipsera chokoka khungu, chikhadabo chong'ambika pakati, kapena malo amene mwana amalira mukawakhudza. Mupatseni njere ya chimanga kapena batani kuti atole. Mwana wa chaka chimodzi amatola ndi nsonga za zala ziwiri. Akamakokera ndi zala zinayi ngati akukusa, pali vuto.

Ena adzati, chala chimodzi chokha, chikhala chalakwa chiyani poti mwana akuyenda, akudya? Madokotala amawerengera kuti chala chamanthu chimagwira pafupifupi magawo 40 mwa magawo 100 a ntchito zonse za dzanja. Munthu wa ku Chia safunika kumuuza zimenezi ndi manambala. Kusoka ukonde wong'ambika, kukola nyambo pambedza, kumanga mfundo ya chingwe cha bwato, kuwokera mpunga, kusenda chinangwa cha kondowole, kupala mamba a chambo, kutema nsima, kuwerenga ndalama pamsika wa pamlatho, kudina foni potumiza ndalama: chotsani chala chamanthu pa ntchito zimenezi muone chimene chitsale. Chala chogwedera chimathawa chikakumana ndi chinthu cholimba. Mwanayo adzaphunzira kuzemba, inde, ana ndi ochenjera, koma adzakhala wochedwa pa chilichonse, ndipo anzake kusukulu sadzachedwa kumupatsa dzina.

Izi n'zam'tsogolo. Zoopsa za lero ndi zina. M'chala chamanthu chowonjezera mumadutsa mtsempha weniweni wa magazi, ndipo khanda lili ndi magazi ochepa kwambiri, osafika ngakhale theka la lita. Magazi amene wamkulu angawaone ngati ochepa, khanda likhoza kufa nawo. Ulusi sungadule fupa, umangotseka magazi, chala n'kuyamba kuwola chikadali pathupi. Ndipo poti mitsempha ndi yogawana, kuwolako kukhoza kulowa m'chala chabwinocho, mwana n'kutaya zonse ziwiri. Lezala, phulusa, dothi, ndowe kapena mankhwala osinja opaka pabala ndi njira ya kafumbata. Ngati mwamanga kale kapena mwadula kale, ndipo khanda likutentha thupi, likukana bere, likulephera kuyasamula kukamwa, likuuma thupi kapena kukomoka, dzanja latupa, lada, likununkha kapena likutuluka mafinya, musadikire kuti kuche. Finyani pabala ndi kansalu koyera ngati pakutuluka magazi, pezani njinga yamoto kapena galimoto iliyonse pamsewu wa M5, mupite kuchipatala usiku womwewo. Kuopa kukalipiridwa ndi anamwino kusakuchedwetseni. Kukalipa kumatha.

Opaleshoni yoyenera siichitika mwana ali wa masiku. Madokotala ambiri amaichita mwana akafika pafupifupi chaka chimodzi, kapena kupitirirako pang'ono. Pamenepo thupi lakhwima moti mankhwala ogonetsa sakhala oopsa ngati kwa khanda, zam'kati mwa chala zakula moti zikuoneka, ndipo mwana sanazolowere kugwira zinthu molakwika. Choncho dokotala akakuuzani kuti mubwerenso pakapita miyezi, sikuti wakukanani. Kudikira ndi zala ziwirizo sikupweteka mwana ngakhale pang'ono. Amene amavutika ndi akuluakulu, chifukwa cha maso a anthu kusikelo ndi kuchigayo, ndipo manyazi amenewo ndiwo amathamangitsira mayi kwa munthu wa lezala. Apongozi, inu amene mawu anu amamveka pakhomo, muthandizeni mayiyo kupirira miyezi imeneyi.

Tsiku la opaleshoni lisanafike amajambula dzanja kuti aone mafupa. Kufiyeta dokotala sangodula. Amasankha chala choti chitsale, kawirikawiri cham'kati choyandikana ndi chamkombaphala, chifukwa ndicho chili ndi chomangira cholimba kumbali imene munthu amapanira zinthu. Pa chimene chikuchotsedwacho amasendapo mnofu ndi mtsempha womanga mfundo uja, n'kuzisokerera pa chotsalacho. Amapala mutu wa fupa wotambalala uja kuti ufanane ndi chala chimodzi. Mnyewa wokokera chammbali amausunthira pakati. Fupa likakhala lopendekeka amalidula n'kuliwongola, kenako amalowetsa kawaya kachitsulo kolisunga mpaka ligwirane. Pamene zala zonse ziwiri ndi zazing'ono mofanana, pali njira ina yotenga theka uku theka uko n'kuzilumikiza kukhala chimodzi. Ndi ntchito ya munthu amene adaiphunzira, ndipo imatenga nthawi. Wina akakuuzani kuti ndi nkhani ya mphindi zisanu, afunseni mwaulemu: "Kodi mwajambula? Muli fupa? Zikugawana mfundo? Nanga zam'katizo muzisokerera?" Mayankho akakhala osamveka, pemphani kalata yokutumizani kwa a mafupa. Ndi ufulu wanu, ndipo wachipatala wodziwa ntchito yake sakhumudwa ndi mafunso otere.

Tsopano za ana amene chala chawo chakhota kale, amene ndi ambiri kuposa makanda amene akubadwa chaka chino. Chikhoza kukonzedwa. Dokotala amatsegulanso, amachotsa fupa lotsalira, amadula kachidutswa ka fupa kuti chala chiwongoke, amasuntha minyewa, amapanga chomangira chatsopano pamfundo yogwedera, ndipo amakulitsa mpata wopanikizika posuntha khungu. Mfundo ikakhala kuti idawonongekeratu, amaigwirizanitsa kuti isapindikenso koma ikhale yowongoka ndi yolimba, pakuti chala cholimba chosapinda kunsonga chimagwira ntchito kuposa chopinda koma chogwedera. Tisanamizane: chala chimenecho sichidzafanana ndendende ndi cha dzanja linalo. Chidzakhalabe chocheperapo, mwinanso cholimbirako popinda. Chimene mukufuna n'choti chiziloza kolondola ndi kupana zinthu mwamphamvu. Dziwaninso kuti ngakhale m'maiko a zipatala zapamwamba, ana ena amene opaleshoni yawo yoyamba idachitika bwinobwino amabwereranso kachiwiri, chifukwa kukula kumavumbula zimene zidabisika. Kukhota kwa chala pakokha si umboni woti wina adalakwitsa, ndiye musataye nthawi ndi milandu.

Chothamangira n'chakuti fupa la mwana limakula motsatira momwe likukokedwera. Mfundo imene yakhala yopendekeka zaka zisanu imasintha maonekedwe, khungu ndi minyewa zimafupika mbali imodzi, ndipo chimene chikadakonzedwa posuntha mnyewa chimadzafuna kudula fupa kapena kuumitsa mfundo. Mwana nayenso akazolowera kusiya chalacho pambali, kumubweza kumavuta. Zimachitika kuti dokotala, ataona chithunzi, amasankha kudikira chaka kapena zaka pofuna kuteteza malo amene fupa limakulira. Kudikira kotero n'kwabwino, chifukwa wanena ndi munthu amene waona m'kati. Kudikira koti "chidzawongoka chokha akamakula" ndiko kolakwika. Sichiwongoka chokha. Kuchimanga ndi timitengo, kuchithowa ndi madzi otentha kapena kuchitema mphini sikusuntha mnyewa umene uli pamalo olakwika.

Njira yake imayambira pafupi. Aonetseni alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu, kapena anamwino tsiku la sikelo, ndipo apempheni alembe m'buku la mwana. Mawu amene amalemba nthawi zambiri ndi polydactyly. Kuchokera apo pitani kuboma, mtunda wa makilomita opitirira pang'ono 20 kuchokera pa Chia, ku chipatala chachikulu cha Nkhotakota, kapena ku St Anne's cha mpingo wa Anglican, mukafunse woona za mafupa. Dziko lino lidayamba kuphunzitsa ma clinical officer a mafupa m'chaka cha 1985, ndipo ndi iwo amene amanyamula ntchito yambiri ya mafupa m'zipatala za m'maboma. Iwowo ndi amene angajambule dzanja ndi kukulemberani kalata. Anthu a chigawo chapakati amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe kuli chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, chimene chidayamba ntchito mu 2023. Ku Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Gulupu, kuli Beit-CURE, chimene chidatsegulidwa mu 2002 ndipo chimachita maopaleshoni a mafupa kwa ana osakwana zaka 18 popanda kulipiritsa. Zaka 18 zimenezo muziwerenge bwino ngati mwana wanu ali kale kusekondale. Funsaninso kuboma ngati pali tsiku limene madokotala a mafupa ochokera kuzipatala zikuluzikulu abwere kudzaona ana, kuti musawononge ndalama ya ulendo pachabe.

Ndalama ya ulendo ndiyo imagwetsa ambiri, ndipo palibe chifukwa chobisira. Kuchoka pa Chia kudzera ku Salima mpaka ku Lilongwe ndi ulendo wodya ndalama, wa ku Blantyre ndiye woposa apo, ndipo simupita kamodzi kokha. Yambani kusunga mpunga ukangokololedwa kapena nsomba zikamagwidwa bwino. Gulu la banki m'khonde, mpingo kapena mzikiti zikhoza kuthandiza mukanena poyera. Mvula ikayamba msewu wa M5 umaduka kawirikawiri, ndiye amene angathe apite m'chilimwe. Kumbukiraninso kuti kunyanja kuno malungo ndi ochuluka. Mwana wa malungo, wa chifuwa, wochepa magazi kapena wonyentchera amabwezedwa tsiku la opaleshoni. Azigona m'neti, azidya mokwanira, ndipo akatentha thupi masiku oyandikira tsikulo mukamuyezetse msanga. Akakuuzani ola loti asiye kudya ndi kuyamwa, tsatirani ndendende ngakhale alire chotani. Kaphala kopatsa mobisa kakhoza kumutsamwa ali mtulo ta mankhwala.

Akatuluka kufiyeta amakhala ndi chikhakha, kwa ana aang'ono chofika pamwamba pa chigongono kuti asachivule, ndipo chimakhala masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Apa pakufunika maso, chifukwa mwana wa ku Chia ndi madzi sasiyana. Chikhakha chikanyowa chimafewa, fupa limasuntha, bala limawola. Asapite kudooko, asasewere mumchenga, koma azisambitsidwa ndi kansalu dzanja lili m'mwamba. Akamva kuyabwa asalowetsemo kamtengo. Kawaya kaja musakakhudze, musakazule, amakachotsa okha kuchipatala. Zala zoonekera kunja zikatupa, zikazizira, zikachita buluu kapena kuyera, chikhakha chikayamba kununkha, kapena mwana akamalira osatonthola ngakhale wamwa panado, bwererani tsiku lomwelo. Chikhakha chikachoka, chitani masewero a chala amene akuphunzitseni, ndipo pitirizani kukaonetsa dzanjalo pa masiku amene akulemberani mpaka mwana atasiya kukula. Ambiri amasiya bala likangopola, ndipo m'zaka zimenezo ndi momwe kukhota kumabwerera osaonedwa.

Pali mawu ena amene ayenera kutha m'makomo mwathu. Dzanja la mwana limaumbika pakati pa sabata yachinayi ndi yachisanu ndi chitatu ya pakati, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima. Palibe chimene mayi adadya, adaponda, adaseka kapena adachita kumbali chimene chidagawa chalacho. Si kulodzedwa, si chizindikiro cha ufiti, si mwayi wa chuma. Chala chamanthu chowonjezera nthawi zambiri chimangochitika, padzanja limodzi, m'banja limene simudaonekepo zotere, ndipo mwanayo amakhala wabwinobwino kwina konse. Mwa ana ochepa, makamaka amene chala chawo chili ndi mafupa atatu m'malo mwa awiri n'kumaoneka chachitali, vutoli limayendera limodzi ndi matenda a mtima kapena a magazi. Mwana akamapuma mobanika poyamwa, akamayera m'maso ndi m'manja kawirikawiri, kapena sikelo yake ikamakana kukwera, muwauze achipatala kuti amupime thupi lonse. Bambo amene akuthamangitsa mkazi chifukwa cha chala cha mwana akuchotsa munthu amene akadamusamalira mwanayo kuchipatala ndi masabata onse aja a chikhakha.

Mafumu, lengezani pamisonkhano ndi pamaliro. Mashehe Lachisanu, abusa Loweruka ndi Lamulungu. Aphunzitsi a makalasi oyambirira ndi alezi a kumkaka, inu mumaona manja ambiri tsiku lililonse kuposa dokotala aliyense. Mukaona mwana wogwira pensulo modabwitsa, yang'anani ngati patsinde pa chala pali chipsera, muwaitane makolo. Popita kuchipatala tengani buku la mwana, khadi la katemera, ndi zithunzi za mafupa zakale ngati zilipo. Chithunzi cha pafoni choonetsa dzanjalo chala chisanachotsedwe n'chothandiza kwambiri. Buku likakhala kuti lidatayika kapena lidanyowa ndi madzi osefukira, pitanibe. Ndipo dokotala akafunsa kuti chidachotsedwa liti, ndi ndani, ndi chiyani, nenani zoona, kaya udali ulusi wa ukonde kaya lezala la kugolosale, chifukwa akufuna adziwe chimene chidatsala m'kati asanatsegule.